Thumba la Mchenga pa Msana wa Lusiya

Ntchito yanga yoyamba sindinailembere kalata. Inandipeza ndikulalata. Bambo anga atafa ziwalo mbali imodzi anagonekedwa miyezi iwiri pachipatala china cha mishoni kumapiri a pakati pa Dowa ndi Ntchisi, ndipo wowadikirira ndinali ine. Tsiku lina wantchito wina wa muwodi anawadzutsa powakoka mkono wakufawo ngati akukoka mbuzi yokana kulowa m'khola. Ine mtima wanga ndi wapachala chibadwire. Ndinamunyoza mpaka wodi yonse inangoti zii. Pakhomo panaima mayi wina wamfupi, akumvetsera. Nditamaliza anati, "Pakamwa pako ndi poipa, koma wanena zoona. Tandionetsa mmene iweyo umawadzutsira." Ndinawaonetsa. Amenewo anali Mayi Kwenda, mkulu wa chipinda cha mafizo, ndipo bambo atatuluka anandiitana kuti ndikhale wowathandizira.

Chipindacho chinali chaching'ono. Munali bedi yopimirapo, mphasa ziwiri, mipiringidzo iwiri yogwirira pophunzira kuyenda, ndodo zoyendera, malamba a m'chiuno, botolo la labala lothiramo madzi otentha, tepi yoyezera ndi kanyundo ka labala komenyera pabondo. M'kabati munkakhala thonje ndi mapini, zoyesera ngati khungu la munthu likumva. Odwala ambiri ankabwera ndi msana: alimi a fodya, akabaza, azimayi amene asenza mitolo ya nkhuni kuchokera m'phiri kuyambira ali ana.

Mayi Kwenda ankaphunzitsa ndi manja, osati ndi mabuku. Anandigwiritsa chala changa pamsana pawo n'kundiwerengetsa mafupa asanu a m'munsi. Anati msana wa munthu aliyense umalowa m'kati pang'ono pamwamba pa chiuno, koma kwa ena umalowa mopitirira, mimba n'kutsogola, matako n'kutsalira kumbuyo. Poyeza, wodwala amaima chotsamira khoma, zidendene, matako ndi mapewa zitagunda khomalo, ndipo iwe umalowetsa dzanja kuseri kwa chiuno. Chikalowa chikhatho chokha, palibe vuto. Chikalowa chibakera chonse malo n'kutsalabe, msanawo walowa kwambiri. Kenako umamuweramitsa. Dzenje la kuseri kwa chiunolo likafafanizika, ndiye kuti ndi minofu chabe, mafizo athandiza. Likakhala momwemo, umatsitsa chala pamzere wa msana kufunafuna pamene pali ngati sitepe, chifukwa nthawi zina fupa limodzi limatsetserekera kutsogolo pamwamba pa linzake.

Panali zinthu zitatu zimene ankandibwerezetsa ngati katekisimu. Dzanzi pakati pa ntchafu, pamene munthu amakhalira chishalo cha njinga. Mkodzo wokana kutuluka kapena wongotuluka wokha. Miyendo yonse iwiri kufooka. "Ukaona zimenezi," ankatero, "mitsempha yapanikizika. Usamukhazike, usamubereke, usadikire mawa. Wodwala ameneyo nthawi yake ikutha ngati madzi m'chidebe chobooka."

Lusiya anabwera nditagwira ntchito miyezi isanu, sabata imene Mayi Kwenda anali ku Lilongwe kumaphunziro. Anali wa msinkhu wanga, mayi wa mwana mmodzi, Tadala. Kwawo kunali cha ku Mvera koma anatengedwa chitengwa kupita kumudzi kwa mwamuna wake, pamwamba pa phiri lina kupitirira Chisepo. Ndinamuona kayendedwe asanalowe n'komwe. Ankayenda timapazi tifupitifupi, mawondo atapindika pang'ono, chiuno chikupendekera uku ndi uku, matako atatuluka kumbuyo. Pambuyo pake pankabwera mwamuna wake, Bonifasi, wamtali, wovala malaya ochapa bwino, korona ikuonekera pakhosi, buku la kuchipatala lili m'manja mwake.

Ndinafunsa Lusiya kuti chikupweteka n'chiyani. Anayankha ndi Bonifasi.

"Msana, anesi. Koma chachikulu ndi kayendedweka. Kumjigo akuwatchula kuti Bakha. Akadutsa pa Chisepo amuna amasiya bawo n'kumawayang'ana. Ine ndiye ndikuoneka chitsiru."

Ndinafunsa kuti zinayamba liti. Anayankha ndi Bonifasi. Ndinafunsa ngati miyendo imachita dzanzi. Anayankhanso yemweyo. Ine sindinaone chachilendo. Kwathu mwamuna akaperekeza mkazi kuchipatala timamuyamikira, ndipo ndinamuyamikiradi. Ndinati abambo ngati inu ndi osowa.

Ndinamuimika Lusiya pakhoma. Chibakera changa chinalowa kuseri kwa chiuno chake n'kutembenuka. Ataweramira kutsogolo dzenje lija silinasinthe. Nditatsitsa chala pamsana, pamwamba pa bulauzi, ndinaipeza sitepe ija m'munsi mwenimweni. Mawondo anayankha kanyundo bwinobwino, zala za kumapazi zinkamva pini. Koma pamene ankawerama, chitenje chake chinamasuka n'kuyamba kutsika, bulauzi n'kukwera. Ndinamuchitira manyazi pamaso pa mwamuna wake ndi chitseko chotsekula. Ndinachigwira msanga chisanagwe, n'kumumangira ndekha, mfundo yolimba. Patapita kanthawi chinamasukanso. Ndinamumangiranso, ndikuseka kuti achemwali, chitenje chanuchi ndi choterera.

Ndinalemba m'buku kuti abwerenso pakatha sabata ziwiri, Mayi Kwenda adzamuone ndi kumujambulitsa ekisire. Ndinamuletsa kusenza zolemera. Ndinamupatsa pepala lathu la zithunzi za mafizo: kugona chagada pamphasa, kupinda mawondo, kukanikiza chiuno pansi n'kuwerenga mpaka khumi, kenako kukokera mawondo pachifuwa pang'onopang'ono. Pepalalo analandira ndi Bonifasi. Ndinamuuza kuti, "Abambo, muziwathandiza, asamachite ulesi."

Mayi Kwenda atabwerako anawerenga zimene ndinalemba, n'kuvula magalasi.

"Khungu lake unaliona?"

"Ayi, Mayi. Amuna awo anali pomwepo."

"Mafunso ankayankha ndani?"

"Amuna awo."

"Ndiye iwe Eliza unapima ndani, mkazi kapena mwamuna?" Anatseka bukulo. "Safunsa anadya phula. Akapanda kubwera tsiku lake, upite ukamuone."

Mawuwo anandipweteka, ndipo mumtima ndinati mayiwa akungofuna pondipezera chifukwa. Tsiku lija linafika, Lusiya sanabwere. Lachinayi lotsatira galimoto ya chipatala inkapita kusikelo ya ana ku Chisepo, ndipo ndinakwera nawo. Ananditsitsa pamtsinje, patsinde pa phiri, pamene msewu umathera, woyendetsa n'kupitiriza kukatula anamwino. Inali nyengo yofunga fodya, dzuwa lili pamutu. M'njira ndinakumana ndi ngolo ziwiri zodzaza mabelo zikulowera kumsewu waukulu mbali ina ya phiri, amuna a m'mudzimo onse ali pambuyo pake. Ndinawapatsa moni, osadziwa kuti ndikulonjera manja amene ndiwafune posachedwa.

Nditafika pamudzi ndinapeza azimayi atatu ataima pafupi ndi nkhokwe, manja ali kumbuyo, akuyang'ana kuchigafa cha fodya. Sanandiyankhe moni. Kuchigafako kunkamveka mawu a mwamuna akuwerenga, modekha ngati mphunzitsi: "Seveni. Eyiti. Naini."

Ndinalowa. Lusiya anali atagona chafufumimba padothi, nkhope ili m'zinyalala za fodya. Pachiuno pake panali thumba lakale la feteleza lodzaza mchenga wa kudambo, lomangidwa bwino ndi luzi. Pamwamba pa thumbalo Bonifasi anali atagwada ndi bondo limodzi, thupi lake lonse likutsamira pamenepo, dzanja lina litagwira mkazi wake pakhosi kuti asadzutse mutu. Atafika pa teni ananyamuka pang'ono n'kudzigwetsanso. Lusiya sanalire. Anangotulutsa mpweya ngati mpira wobooka. Bulauzi yake inali itakwera, ndipo msana umene sindinauone tsiku lija ndinauona tsopano: mikwingwirima yakale yakuda, ina yatsopano yofiira, ndi zipsera za lamba zodutsana mpaka m'nthiti. Dothi la pansi pake linali lonyowa.

Ndinakuwa kuti achokepo. Bonifasi anatembenuka osadzidzimuka n'komwe. Anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa pepala langa lija, lopindidwa bwino.

"Si inu munati ndiziwathandiza? Zanu zogona chagadazi sizikuwongola kanthu. Mtengo wokhota sauwongola ndi kuusisita."

"Mukumupha munthuyu!"

"Ndi mkazi wanga. Akuchitira dala, akufuna amuna azimuona. Tulukani, anesi, izi ndi za m'banja."

Anadzigwetsanso pathumbapo ine ndikuona. Zimene zinatsatira ndimazikumbukira zidutswazidutswa. Ndinasolola mkangala, umodzi mwa mitengo imene amapachikapo fodya, fodya n'kugwa pansi. Woyamba unamupeza paphewa. Anadzuka n'kundimenya chibakera pakamwa, ndipo ndinagwera pamzati, m'kamwa mutadzaza magazi ndi chidutswa cha dzino. Anandiponda m'nthiti kawiri. Ndinadzuka ndi mkangala uja m'manja onse awiri. Anatchinga mutu ndi mkono wamanja, ndipo ndinamva fupa likuthyoka, phokoso lake ngati la nzimbe. Anakhala pansi atagwira mkonowo. Apa m'pamene ndinayenera kusiya. Sindinasiye. Ndinamumenyanso pamkono womwewo, kenako pamsana, ndikumutukwana mawu amene sindingawalembe. Kunena zoona, ndinkamva kukoma. Amene anandiletsa ndi Lusiya, ndi mawu aang'ono ochokera pansi.

"Achemwali, chotsani thumbali. Miyendo yanga sindikuimva."

Nthawi yonse imene ndinkamenya munthu, thumba lija linali likadali pamsana pake.

Ndinaligubuduza. Ndinatulutsa pini m'chikwama changa. Ndinamubaya pang'ono kumapazi, sanamve. Pakati pa ntchafu, sanamve. Zala za kumapazi zinakana kugwedera. Ndinamufunsa za mkodzo, ndipo anati kuyambira m'mawa ukungotuluka wokha, iye osadziwa. Zinthu zitatu zija zinali zonse pamodzi. Ndinaimbira Mayi Kwenda ndikulankhula zosamveka chifukwa cha mlomo wotupa.

"Khala chete undimvere," anatero. "Zula chitseko. Mumutembenuze ngati chipika, mapewa ndi chiuno nthawi imodzi. Mumumange. Peza amuna anayi amphamvu, mutsike naye msanga. Galimoto ikudikirani pamtsinje."

Amuna anayi. M'mudzi monse mwamuna wamphamvu amene anatsala anali mmodzi, ndipo anali atakhala pakona ya chigafa, mkono ukulendewera pamene sipayenera kupindika. Munthu amene ankanyamula belo la fodya yekha. Akanagwira kutsogolo kwa chitseko, kaya mwa mantha kaya mwa manyazi, tikanatsika phirilo mwachangu. Amene ndinamuchotsa pantchitoyo ndinali ine.

Ndinatulukira kwa azimayi aja. Mmodzi anali mayi ake a Bonifasi, achikulire, wina anali ndi pakati pooneka, wachitatu anali mlamu wake wa Lusiya. Apongoziwo anayamba kunena kuti iwo sakanalowerera, banja ndi anthu awiri. Ndinalavula magazi pansi n'kuwauza kuti za banja zatha, tsopano ndi za maliro kapena za chipatala, asankhe. Anasankha. Tinazula chitseko cha nyumba ya Bonifasi ndi khasu. Tinamutembenuza Lusiya pamodzi, ine nditagwira chiuno ndikuwerenga, n'kumugoneka chagada pachitsekopo, pilo pansi pa mawondo. Tinamumanga ndi zitenje zitatu, pachifuwa, m'chiuno ndi m'miyendo.

Njira imene ndinakwera mosavuta pobwera inatitengera masana onse. Ndi yamiyala, yotsetsereka, ndipo chitseko chimafunika chikhale chosapendekeka. Tinkayenda mapazi makumi awiri n'kutula. Mayi wapakati uja anasanza kawiri. Apongozi anagwa chogwada pamwala, bondo n'kung'ambika, koma ngodya yawo sanaisiye, ndipo zimenezo ndimawakumbukira nazo. Nthiti zanga zinkabaya ndikapuma. Potula paliponse ndinkatsina chala chachikulu cha phazi la Lusiya n'kufunsa ngati akumva, ndipo iye ankangopukusa mutu akuyang'ana kumwamba. Bonifasi ankatitsatira chapatali, atakoleka mkono m'malaya. Pena anayandikira kuti agwire ndi dzanja lamanzere, chitseko n'kupendekeka, Lusiya n'kukuwa koyamba tsiku limenelo. Ndinamuuza kuti akayandikiranso ndithyola winawo. Woyendetsa galimoto anatichingamira titatsala pang'ono kufika, dzuwa litapendeka kale.

Tonse tinakwera galimoto imodzi, womenya, womenyedwa ndi ine. Kuchipatala anamuika Lusiya paipi ya mkodzo n'kumutumiza tsiku lomwelo kuchipatala chachikulu ku Lilongwe. Ekisire inaonetsa kuti fupa la m'munsi, limene linali litatsetsereka kale mwina kuyambira ali mtsikana, linali litakankhidwira kutsogolo kwambiri n'kupana mitsempha. Kugona chafufumimba ndi katundu pachiuno ndi njira yeniyeni yolikankhira komweko. Anamuchita opaleshoni, n'kumanga mafupawo ndi zitsulo.

Bonifasi anamuika pulasitala, kenako apolisi anamutenga, ndipo mlandu unamugwera. Ine anandiitana kuofesi, anandipatsa kalata yochenjeza, ndipo ntchito inatsala pang'ono kutha. Mayi Kwenda sanandikalipire pagulu. Titatsala awiri anandifunsa funso limodzi lokha: "Unalowa m'chigafa muja, thumba lili pamsana pa wodwala. Choyamba kugwira chinali chiyani?" Ndinati mkangala. Anagwedeza mutu n'kupitiriza kupinda malamba. Pulasitala wa Bonifasi atachotsedwa, woyang'anira akaidi ankabwera naye kuchipinda chathu kuti dzanja lake louma lichite mafizo. Mayi Kwenda anati, "Unathyola ndiwe, uwongola ndiwe." Ndinapinda zala zimenezo kawiri pa sabata, chimodzichimodzi, mano nditaluma. Zinachira bwino, ndipo mpaka lero zimandinyansa kuti zinachira bwino chotero.

Lusiya anabwerera kwa ife patatha miyezi iwiri, ataperekezedwa ndi amalume ake, amene anali atakamutenga kale Tadala n'kubwerera naye kwawo ku Mvera. Tinayamba ndi kumukhazika m'mphepete mwa bedi, kenako kumuimika pakati pa mipiringidzo atavala lamba, ine nditagwada kutsogolo ndikumusunthira phazi. Mwendo wamanja unabwerera. Wamanzere phazi linatsala logwa, moti amayenda ndi ndodo ndi kachitsulo ka mu nsapato. Chikhodzodzo sichinabwerere. Ali ndi zaka zosakwana makumi atatu anaphunzira kudzilowetsa kapaipi yekha kangapo pa tsiku, ndipo adzatero moyo wake wonse. Ndinafunsa dokotala wina ngati maola amene tinataya paphiri paja ndi amene anachititsa. Anati palibe angadziwe. Yankho limenelo silinandithandize.

Tsiku lina tikupumula pakati pa mafizo ndinamupepesa. Ndinati ndikanapanda kuthyola mkono uja tikanatsika msanga, mwina bwenzi zinthu zili bwino. Lusiya anaseka pang'ono, akukonza ndodo yake.

"Za mkonozo zisakuvuteni, achemwali. Ine ndinamva kukoma kuposa inu." Kenako anati, "Chimene chinandipweteka ndi tsiku loyamba lija. Pakamwa sindikanatha kunena, bambo a Tadala ali pomwepo. Ndiye ndinamasula dala chitenje tili pabenchi panja, kuti ndikawerama chigwe, muone nokha. Munandimangira. Ndinamasulanso. Munandimangiranso."

Ndinatuluka n'kukaima kuseri kwa thanki ya madzi, ndipo ndinalira ngati pamaliro a bambo anga. Miyezi yonseyo ndinkadziimba mlandu wa ukali wanga, osadziwa kuti chimene chinamupweteka Lusiya koyamba chinali ulemu wanga.

Papita zaka tsopano. Ndinapita kusukulu, ndili ndi mapepala anga, ndipo chipinda chija ndimayang'anira ndine. Dzino lothyoka sindinalikonzetse. Mtima wapachala ukadalipo, koma ndikapsa mtima ndimayamba ndayang'ana kaye chimene chili pamsana pa wodwala. Mayi aliyense wobwera ndi msana, kaya waperekezedwa ndi mwamuna wovala korona, kaya ndi apongozi omwetulira, woperekezayo ndimamuthokoza n'kumuonetsa benchi ya panja. Ena amakwiya, amati nesi wopanda mwambo. Ndimatseka chitseko, ndimafunsa mayiyo dzina lake kuti ndimve mawu ake, kenako ndimamupempha kuti amasule chitenje.